Paipi ikamaliza ntchito pansi pa nyanja: momwe kalabu yathu ya sayansi ikuyendera

Kumapeto kwa Epulo

Kalabu ya sayansi ya pasukulu pathu kuno ku Bangula yasankha mutu wa chionetsero cha teremu ino. Tikufuna kuonetsa zomwe zimachitika ndi mapaipi a mafuta ndi gasi oyalidwa pansi pa nyanja akatha ntchito. Woyang'anira kalabuyi ndine, ndipo ndizilemba pano pang'onopang'ono kuti aphunzitsi anzanga a m'Chikwawa ndi m'Nsanje omwe angafune kuyesa zofanana apeze poyambira.

Makolo ena afunsa kale kuti ife anthu a kuchigwa, opanda nyanja yamchere, nkhaniyi ikutikhudza pati. Ikutikhudza kudzera mu Shire. Mu 2011 boma lidapereka chilolezo ku kampani ya Surestream Petroleum kuti ifufuze mafuta m'zigawo za Nyanja ya Malawi, ndipo mukukumbukira momwe mkangano wa malire ndi Tanzania udabukiranso pambuyo pake. Lero pansi pa nyanjayo palibe paipi yamafuta, koma maganizo okumba sadafe. Mtsinje wokhawo wotuluka m'nyanjayi ndi Shire: Mangochi, Malombe, Liwonde, Nkula, Tedzani, Kapichira, kenako minda ndi madambo athu. Zaka zimenezo nkhani yomwe idali m'kamwam'kamwa idali ya ndalama zomwe mafuta angabweretse. Ife tikufuna tione mbali ya kumapeto, chitsime chitauma, kampani italongedza katundu, zitsulo zitatsala pansi pa madzi.

Bambo wina wowotcherera zitsulo pamsika watidulira dramu pakati m'litali mwake, ndiyo ikhale nyanja yathu. Ana atuta mchenga kumtsinje. Tili ndi paipi yapulasitiki yoonekera mkati, zidutswa za paipi ya PVC, siponji, pampu ya njinga, simenti pang'ono ndi mafuta ophikira. Ndawagawa m'magulu atatu: otsuka paipi, oona za dzimbiri, ndi a mchenga ndi makoka.

Kumayambiriro kwa Meyi

Gulu lotsuka layamba. Kunja kumene ntchitoyi imachitika, paipi sangaidule isanatsukidwe. Amalowetsamo chotsukira chomwe amisiri amachitchula kuti pig, chothina bwino mkati mwa paipi, ndipo amachikankha ndi mphamvu ya madzi kuchokera mbali ina mpaka chikatulukire kwina. Chikamayenda chimakankha mafuta otsalira, phula lomwe limaundana m'mbali paipi ikazizira, ndi matope. Chimodzi sichikwanira, amatumiza zingapo motsatizana, zina zofewa, zina zokhala ndi mabulashi achitsulo, kenako amapopamo madzi mpaka otuluka ayere kufika pa mlingo womwe boma lalamula.

Malamulo a ku America amanena mwatsatanetsatane zoyenera kuchita ngati paipi isiyidwa pomwe ili: aitsuke ndi pig, aipope madzi, aidzaze madzi a m'nyanja, adule ndi kutseka mbali zonse ziwiri, ndipo nsonga zakezo azikwirire pafupifupi masentimita 90 pansi pa mchenga kapena aziphimbe ndi zophimbira za konkire. Ana alemba masitepe amenewa pa tchati ndipo ndi omwe tikutsata.

Ife tidathira mafuta ophikira osakaniza ndi utoto m'paipi yoonekera ija, tidapinda siponji n'kuikankha ndi pampu. Mafuta ambiri adatuluka ulendo woyamba womwewo, ana n'kuombera m'manja. Titaiunika padzuwa tidaona timadontho tamamatira m'mbali, makamaka pomwe paipi yakhota. Tidabwereza kangapo ndipo pokhota paja sipadayeretu. Ndawauza kuti asavutike kupayeretsa, apasiye momwemo kuti odzaona adzadzionere okha kuti paipi yotsukidwa siikhala yopandiratu kanthu.

Mtsikana wina wa Fomu 3 adafunsa funso lomwe lidandisangalatsa: "Aphunzitsi, nanga madzi akuda atuluka mupaipiwa akupita kuti?" Adanyamula beseni la madzi amafuta m'manja, osadziwa kokataya. Ku ntchito yeniyeni madziwa amawatumiza ku nsanja yopopera mafuta yomangidwa panyanja kapena kumtunda kuti akawalekanitse ndi mafuta, ndipo nthawi zina amawabwezera pansi penipeni kudzera m'chitsime chakale. Athu tawasunga m'chigubu. Adzakhala mbali ya chionetsero.

Chilipo china chomwe siponji yathu singaonetse. Mkati mwa mapaipi akale mumamata nkhambakamba zolimba, zofanana ndi zoyera zija zimatsalira m'ketulo tikamawiritsa madzi a m'mijigo yamchere ya kuno kwathu. Za m'mapaipi a mafuta nthawi zina zimakhala ndi radium yochokera m'miyala ya pansi pa nthaka, yomwe imatulutsa cheza chovulaza thupi, ndipo m'mapaipi ena a gasi mumapezeka mercury yomwe imalowerera m'chitsulo. Madzi okha sachotsa zimenezi. Paipi ikasiyidwa, zimatsala mpaka dzimbiri lidzaiboole. Ikavuulidwa, wodula ndi wosungunula zitsulo kumtunda ndiye ali pangozi ngati sadauzidwe.

Pakati pa Meyi

Gulu la dzimbiri laika misomali yopalidwa bwino m'mabotolo. Botolo lina lili ndi madzi a mu Shire, lina a pamjigo wa pasukulu, lina madzi omwe tasungunulamo mchere magalamu 35 pa lita, womwe ndi mlingo wa nyanja yamchere. M'botolo lina lamchere tamangirira msomali ku kachidutswa ka zinc komwe tasenda ku batire yakale ya tochi. Umu ndi momwe mapaipi a pansi pa nyanja amatetezedwera: kuwonjezera pa utoto wokhuthala, amawaveka zibangili za zinc kapena aluminiyamu zomwe zimadyeka m'malo mwa chitsulo. Zibangilizi zikatha ndipo palibe wozibwezeretsa, paipi imayamba kudyeka yokha.

Msomali wa m'madzi amchere wayamba kale kufiira. Womangidwa ku zinc udakali woyera.

Kumapeto kwa Meyi

Apa ndi pomwe ntchito yakoma, ndipo ndilemba motalikirapo.

Poyamba ana adatseka paipi ya PVC mbali zonse n'kuiponya m'dramu. Idayandama. Paipi yaikulu yodzaza gasi ingachitenso chimodzimodzi, n'chifukwa chake mapaipi akuluakulu amawakuta ndi konkire asanawamize. Tidamata yathu ndi simenti, itauma idamira bwinobwino. Tidayala mapaipi atatu: ina pamwamba pa mchenga, ina yokwirira theka, ina yokwiriratu. Kenako tidapendeketsa dramu pang'ono n'kumathira madzi ndi ndowa mbali imodzi kuti ayende.

Sipadatenge nthawi, madzi adayamba kukumba pansi pa paipi yapamwamba ija. Kaye kabowo kakang'ono, kenako mpata woti chala chilowe, mpaka paipi idatsala yolendewera, yogwira mchenga kunsonga kokha. Yokwirira theka nayo idavundukuka mbali ina. Palibe mwana adadabwa. Onsewa adaona ndi maso zomwe namondwe wa Ana adachita mu Januwale 2022 ndi zomwe namondwe wa Freddy adachita mu Marichi 2023: mijigo yokwiririka mpaka chogwirira, kwina mapaipi a madzi omwe adali pansi atatsala pamtunda, mtsinje utasiya khwawa lake n'kudzitsegulira lina pakati pa munda. Mwana wa kuno safuna kumuuza kuti mchenga umasamuka. Chomwe ndidawonjezera n'chakuti pansi pa nyanja napo mchenga sukhala chete, makamaka kummwera kwa North Sea, nyanja ya kummawa kwa Britain, komwe madzi ndi osaya ndipo milu ya mchenga imayenda. N'chifukwa chake ku Britain amafuna kuti paipi yosiyidwa ikhale ndi mchenga wosachepera masentimita 60 pamwamba pake, ndipo mwini wake amayenera kubwerera nthawi ndi nthawi kukaunika ngati siyavundukuke. Pomwe yavundukuka amathirapo miyala, kapena kukumba ngalande n'kuikwiriranso, kapena kudula chigawocho n'kuchichotsa.

Mnyamata wina adabwera ndi agogo ake, msodzi wakale wa ku dambo la Elephant Marsh, kuti adzatithandize za makoka. Tidawapatsa mpando pamthunzi, ana n'kukoka kaukonde kakang'ono kokhala ndi timiyala m'dramu muja. Pa paipi yokwiririka kadadutsa osagwira kanthu. Pa yolendewera, chingwe cha pansi chidalowa mumpata muja n'kukanirira.

Agogowo adaimirira n'kugwira dzanja la mdzukulu wawo yemwe amafuna kukoka mwamphamvu. Adati: "Iyayi mdzukulu wanga, chavi chikakodwa pa chitsa cha pansi pa madzi sukoka ndi ukali. Ukatero bwato ndi lomwe limapita kwa chitsacho. Ambiri atembenuzika choncho, wofuna kupulumutsa ukonde." Adatifotokozera kuti msodzi amasunga m'mutu malo onse a zitsa, koma madzi akasefukira zitsa zimasuntha ndipo chaka chimenecho maukonde amang'ambika ambiri.

Ndidawauza kuti, agogo, zomwe mwanenazi zidachitikadi kunyanja yaikulu. Mu Marichi 1997 chombo cha asodzi cha ku Scotland chotchedwa Westhaven chimakoka khoka pansi pa North Sea. Chimodzi mwa zitseko zolemera zomwe zimayasamitsa khoka chidalowa pansi pa paipi pomwe padali mpata. Poyesa kuchiwonjola chombo chidatembenuzika, ndipo anthu anayi onse omwe adali m'menemo adafa. Agogo adangopukusa mutu n'kunena kuti madzi ndi amodzi.

Ndawapempha kuti adzakhalepo tsiku la chionetsero ndipo avomera. Ndikufuna adzalankhule okha pa gawo limeneli, chifukwa makolo ambiri odzaona ndi asodzi a mlamba ndi makakana, ndipo adzamva msanga kuchokera kwa mnzawo kusiyana ndi kwa ine.

Kumayambiriro kwa Juni

Ntchito yayenda pang'onopang'ono chifukwa a Fomu 4 ali kalikiliki kukonzekera mayeso a MSCE. Otsalawo akhala akuwerenga za kuvuula.

Njira zake zimatengera paipi. Yaing'ono yopanda konkire amatha kuikoka n'kuikulunga pa chigudumu chachikulu chomwe chili pa sitima, mobweza momwe adaiyalira. Yaikulu yokutidwa konkire nthawi zambiri amaifukula, n'kuidula zidutswazidutswa pansi pomwepo ndi lumo lamphamvu kapena waya wokhala ndi timiyala ta dayamondi, kenako kireni ya pasitima imakweza chidutswa chilichonse. Odula ndi makina oyendetsedwa ndi munthu ali pasitima akuyang'ana pa kanema, otchedwa ROV, ndipo pena amatsika anthu odumphira m'madzi akuya. Titayesa kukweza paipi yathu ya simenti pogwira mbali imodzi, simenti idang'aluka n'kugwera m'dramu. Konkire yazaka makumi angapo m'madzi imachitanso zomwezo, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zomwe makampani amapereka pokana kuvuula: ngozi kwa antchito, mafuta ochuluka omwe sitima zimawotcha, ndi kusokoneza zamoyo zomwe zamanga pa paipiyo. Zifukwazi si zabodza. Koma n'zoonanso kuti kusiya n'kotchipa kwambiri, ndipo wolemba lipoti loyerekeza njirazi amakhala mwini paipi yemweyo.

Ana adachita chidwi ndi nkhani ya Brent Spar. Mu 1995 kampani ya Shell idafuna kumiza chithanki chachikulu choyandama chosungira mafuta, chotchedwa Brent Spar, m'madzi akuya a Atlantic, boma la Britain litavomereza. A bungwe loteteza chilengedwe la Greenpeace adakwera pa chithankicho, anthu ku Germany adayamba kunyanyala mafilingi siteshoni a Shell, ndipo mu Juni chaka chomwecho kampaniyo idabwerera m'mbuyo. Chithankicho adakachidulira ku Norway n'kugwiritsa ntchito zigawo zake pomanga doko pafupi ndi Stavanger. Mu 1998 mayiko a ku Ulaya a mumgwirizano wa OSPAR, woteteza kumpoto chakummawa kwa nyanja ya Atlantic, adagwirizana zoletsa kutaya nsanja zakale m'nyanja, kupatula zina zolemera kwambiri zomwe zimafuna chilolezo chapadera. Koma chigamulo chimenecho sichidakhudze mapaipi. Paipi iliyonse imaweruzidwa payokha ndi dziko lake.

Zotsatira za kuweruza kotere zimaoneka bwino ku America. Mu 2021 ofesi yofufuza ntchito za boma kumeneko, GAO, idapeza kuti kuyambira m'ma 1960 mapaipi opitirira 97 pa 100 aliwonse omwe adasiya ntchito m'nyanja ya Gulf of Mexico adaloledwa kutsala pansi pa nyanja, pafupifupi mamailosi 18,000, omwe ndi makilomita pafupifupi 29,000. Lipotilo lidatinso boma silimawaunika mokwanira mapaipi osiyidwawo. Chomwe chidayenera kukhala chilolezo cha apo ndi apo chidasanduka chizolowezi.

Titabwerera ku nkhani ya Nyanja ya Malawi, mnyamata wina adafunsa kuti sitima zovuulira mapaipizo zingafike bwanji ku Nkhata Bay. Funso limeneli landikhala m'mutu. Sizingafike. Kuchokera ku Zambezi chombo chimakwera Shire n'kudzaima kunsi kwa Kapichira, pomwe David Livingstone adaimira mu 1859. Ilala yoyamba mu 1875 adachita kuimasula n'kuisenza pamutu kulambalala mathithi. Ilala yomwe ikuyenda lero idapangidwa ku Scotland mu 1949, idabwera zidutswa n'kudzalumikizidwa kunyanja konkuno, ndipo idayamba ntchito mu 1951. Ku North Sea kampani ikafuna sitima ya kireni imachita hayala, sitimayo n'kubwera yokha pamadzi. Kwathu chilichonse chachikulu chiyenera kubwera pamsewu kapena panjanji, chimangidwe pagombe. Kampani ingalolere mtengo umenewo pamene ikuyembekezera phindu la mafuta. Podzachotsa, phindu litatha kale, ndani adzalipire kuti chombo chotere chimangidwenso? Onjezani kuti nyanjayi imafika mamita pafupifupi 700 pozama pake, kuti ndi madzi akumwa, ndiponso kuti madzi ake ambiri amachoka ngati nthunzi, Shire n'kutenga ochepa chabe, kotero choipa chikalowamo chimakhalitsa.

Pakati pa Juni

Tidachita mtsutso. Mbali ina imati paipi ichotsedwe yonse, ina imati itsukidwe n'kukwiriridwa. Ndidaitana a nyakwawa a mudzi woyandikana nafe kuti adzamvere, ndipo atamva mbali zonse adafunsa ana kuti: "Ana anga, mwakamba bwino nonse, koma mwini paipiyo atathawa, mlandu ukhala wa yani?"

Ndidali nditakonzeratu nkhani ya ku Australia, ndiye idagwera pake. Chombo chopopa ndi kusunga mafuta chotchedwa Northern Endeavour, m'nyanja ya Timor, chidali cha kampani yaikulu ya Woodside. Mafuta atayamba kuchepa chidagulitsidwa ku kampani yaing'ono, ndipo kampaniyo idagwa mu 2020, chombo, zitsime ndi mapaipi zili pomwepo. Boma lidakakamizika kutenga udindo, kenako lidaika msonkho wapadera wa masenti 48 pa mgolo uliwonse kwa makampani opopa mafuta m'nyanja za dzikolo kuti ndalama zochotsera zipezeke. Lidasinthanso malamulo kuti mwini wakale azitha kuitanidwanso ngati wogula walephera. Ku Britain lamulo la 1998 lili ndi mphamvu yofanana yobwerera kwa eni akale. Australia idatha kutero chifukwa ili ndi makampani ambiri olemera oti iwasonkhetse. Dziko lokhala ndi kampani imodzi kapena ziwiri lilibe wina womugwira.

Ana adandifunsa maganizo anga, ndipo ndidawauza mosabisa. Pa nyanja yamchere yotseguka ndikuvomereza kuti paipi yaikulu yotsukidwa bwino, yokwiririka mozama, ikhoza kusiyidwa bola mwini wake azibwera kudzaiunika. Pa Nyanja ya Malawi sindikuvomereza kuti tingotengera chizolowezi chimenecho. Ngati paipi idzayalidwe, njira yodzaichotsera idziwike isanamire, ndipo ndalama zake ziziikidwa padera chaka ndi chaka mafuta akadatuluka, m'thumba lomwe kampani singatapemo. Ziphaso za 2011 zidaperekedwa pansi pa lamulo la kufufuza ndi kukumba mafuta la 1983, lolembedwa Brent Spar, Westhaven ndi Northern Endeavour zisanachitike. Tili ndi lamulo la zachilengedwe la 2017 ndi bungwe la MEPA loona za malipoti a momwe ntchito ingakhudzire chilengedwe, ndipo kumeneko ndi komwe funso la a nyakwawa liyenera kukafunsidwa nthawi ikadalipo. Anzathu a ku Mozambique ayamba kale: gasi wa m'nyanja ku dera la Rovuma adayamba kutumizidwa kunja kuchokera pa chombo choyandama cha Coral Sul mu Novembala 2022, ndipo zomwe zayalidwa pansi pa nyanja kumeneko nazo zili ndi tsiku lake lomaliza.

Mtsikana wa beseni uja adakumbutsa kuti palinso njira yachitatu, yogwiritsanso ntchito paipi yakale. N'zoona: ku Liverpool Bay, ku Britain, ndi ku Scotland kuli mapulani odutsitsa mpweya wa carbon dioxide m'mapaipi akale a gasi kuti ukasungidwe m'zitsime zouma. Taiwonjezera pa tchati, koma ndawauza kuti alembe pambali pake kuti kutero n'kungotalikitsa moyo wa paipi, funso lochotsa limadzabwerabe.

Kumayambiriro kwa Julaye

Pomwe tafika ndi apa. Dramu yakonzeka ndipo bambo wowotcherera aja aiikira miyendo kuti izipendekeka popanda kuigwira. Paipi yotsuka ikugwira ntchito, kungoti siponji yatha mphamvu, tigula ina. Matchati atatu alembedwa m'Chichewa. La za ndalama likulembedwanso chifukwa ana adadzazamo mawu ambiri moti munthu woima patali sangawerenge. Ana awiri olankhula bwino Chisena adzipereka kuti azidzamasulira kwa makolo ochokera mbali ya Makhanga ndi Tengani.

Mabotolo a dzimbiri ndi omwe atsalira. Ndi maso kusiyana kukuoneka: madzi amchere asanduka ofiira ndipo pansi pa botolo pali matope a dzimbiri, a pamjigo akutsatira, a mu Shire asintha pang'ono, pomwe msomali wa zinc udakali wowala ngakhale kachidutswa ka zinc kayamba kutuwa ndi kudyeka m'mphepete. Koma tikufuna manambala, ndipo sikelo ya pasukulu siyeza zinthu zopepuka chotere. Ndalembera mphunzitsi mnzanga wa ku Nchalo yemwe labu yake ili ndi sikelo yoyeza tizigawo ta galamu, ndipo wayankha kuti tibwere nayo misomaliyo Loweruka, itatsukidwa ndi kuumitsidwa, pamodzi ndi ina yatsopano ya m'paketi yomweyo yoyerekezera. Aphunzitsi ena omwe mukufuna kuyesa zimenezi, pezani sikelo yotere poyamba ndipo muyeze misomali musanaiviike.

Chionetsero chikatha, ana alemba kalata yopita kwa phungu wa dera lathu ndi ku ofesi ya zachilengedwe ya paboma ku Nsanje, yokhala ndi mafunso awiri okha: paipi ikadzayalidwa m'Nyanja ya Malawi idzachotsedwa ndi chombo chiti, ndipo ndalama zake zidzasungidwa ndi ndani. A nyakwawa ati adzaikapo chidindo chawo.